Makala a Bambo ndi Chitini cha Tsabola

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anandisenzetsa ntchito imene mwana aliyense wa m'mafulati a ku Kabwata, mu Lusaka, ankaithawa, ntchito yothira madzi m'chimbudzi. Ife tinkakhala m'nyumba za pamwamba, ndipo madzi a mumpopi ankafika kwathu akafuna okha. Chimbudzi chinali chogejemula ndithu, ndi tcheni chake cholendewera, koma ukakoka unkangomva kulira kwa chitsulo chouma. Choncho m'mawa ndisanapite kusukulu, komanso ndikaweruka, ndinkatsika masitepe ndi ndowa, kukaima pamzere pampopi wa pansi, n'kukweranso madzi akundikhavukira m'khosi. Aliyense akalowa m'chimbudzimo ankathirako timadzi ta m'chigubu, koma tinali tochepa, ndipo womalizitsa ndi ndowa yodzaza ndinali ine. Mlongo wanga Yusufu anali wamng'ono kwambiri, ndiye panalibe wogawana naye. Ndinkadana nayo ntchitoyi ndi mtima wanga wonse, ndipo sindinkabisa.

Bambo anga, a Saidi, anali telala. Anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale ina yosoka zovala mu Lusaka. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, malire anatseguka, ndipo mabelo a zovala zakale za kunja, zimene kuno timati salaula, anasefukira m'misika yonse. Fakitale ija inatseka zitseko. Bambo anabwera kunyumba ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, n'kuwaika pakhonde pathu pamwamba paja. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yochepetsa majekete akuluakulu a salaula kuti akwane makalaliki a ku Longacres, kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi. Ankakonda kunena kuti kale ankaveka anthu, tsopano akungoondetsa azungu amene sanawaonepo.

Anali munthu wosadandaula, koma msana unkawadandaulira. Kuwerama pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kunawapweteka, ndipo anapeza bwenzi pakagolosale ka matabwa ka pansi pa fulati yathu, kamene timati kantemba. Masiku amenewo mankhwala ankagulitsidwa paliponse, pambali pa makandulo ndi maswiti. Mwini kantembayo ankawakulungira mapiritsi opha ululu m'kachidutswa ka nyuzipepala, opanda dzina, opanda malangizo. Bambo ankawameza m'mawa asanadye kanthu, n'kutsitsira tiyi wopanda mkaka. Ululu ukabwerera masana, ankamezanso ena.

Amayi ndiwo anali dokotala wa mimba za m'nyumba mwathu, ndipo kunena zoona, za theka la fulati yonse. Ankagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto, msika waukulu uja wa m'tauni, koma akafika kunyumba madzulo ankapeza wina akuwadikira pamasitepe atagwira pamimba. Zambiri zimene ankadziwa anazimva kukiliniki pokayezetsa Yusufu kusikelo, ndipo anali ndi mutu wosataya kanthu. Mwana akatsegula m'mimba, ankawiritsa madzi, kuwaziziritsa, n'kusungunuliramo mchere ndi shuga monga momwe anesi anawaphunzitsira, kenako n'kumumwetsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Ankakalipira kwambiri mayi aliyense woleka kuyamwitsa kapena kudyetsa mwana poganiza kuti mimba ipume. Wodzimbidwa ankamuuza kuti adye papaya ndi masamba, amwe madzi ambiri, ndipo asiye kukhala pansi ngati thumba la chimanga. Wa chilungulira, kutentha kuja kokwera kuchokera m'mimba mpaka pakhosi, ankamuletsa kudya mokhutitsa n'kukagona nthawi yomweyo, ndipo ankamulanda tsabola ndi zokazinga. Ambiri ankachira, ndipo amayi ankayenda monyadira.

Koma panali mankhwala amodzi amene amayi sanawatenge kukiliniki. Anabwera nawo kuchokera kwawo, ndipo ankawakhulupirira kuposa onse. Anali makala, amene anzanga a ku Kabwata ankati malasha. Mimba ikamapotokola kapena kudzaza mpweya, amayi ankasankha khala loyera bwino pambaula, kulisinja mpaka likhale ufa, kulisungunula m'kapu ya madzi, n'kukuimirira mpaka utamaliza. Ankakhala ngati mchenga m'mano, ndipo lilime linkada tsiku lonse.

Ine ndinawamwapo nditadya mango osapsa. M'mawa mwake ndinatuluka m'chimbudzi ndikulira, poti zimene ndinaona zinali zakuda bii, ndipo ndinkaganiza kuti ndawola m'kati. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anasiya kuseka, anandikhazika pamkeka, n'kundigwira dzanja.

"Ukamwa makala, chimbudzi chimada, zimenezo zisakuopse," anatero. "Koma chikada ngati phula munthu asanamwe makala, amenewo ndi magazi, mwana wanga. Zimenezo sitigona nazo m'nyumba."

Anandiuza za mlongo wawo, amalume anga amene sindinawaone. Iwo anayamba kuchita chimbudzi chakuda chonchi, anabisa, ndipo pamene anthu ankadziwa n'kuti akusanza magazi. Anamwalirira panjira yopita kuchipatala. Amayi sankakonda kuwatchula, ndipo mwina n'chifukwa chake mawu a tsiku limenelo anandikhala m'mutu.

Mimba ya bambo inayamba pang'onopang'ono. Poyamba chinali chilungulira, ndipo amayi anawachepetsera tsabola m'ndiwo. Kenako anayamba kumva kuwotcha pansi pa chifuwa, makamaka akakhala ndi njala. Ankaika dzanja pamenepo, kutseka maso kanthawi, n'kupitiriza kupalasa makina. Amayi anayesa phala losalala, anayesa mkaka, ndipo zitakanika anatulutsa mfuti yawo yaikulu. M'mawa uliwonse asananyamuke kupita ku Soweto ankasinja makala, n'kusiya kapu yakuda pambali pa makina. Ankandilamula kuti ndionetsetse kuti bambo amwa.

Tsiku loyamba bambo ananunkhiza kapuyo, analawa kadontho, n'kukwinya nkhope ngati mwana. Anasuzumira pansi kuona ngati amayi akhota pakona. Pakhonde pomwepo panali chitini chachikulu cha mafuta ophikira chimene amayi anabzalamo tsabola. Bambo anakhuthulira makala onse m'chitinimo, anafotsera ndi chala, n'kundiyang'ana akutsinzina diso limodzi.

"Patuma, nkhani iyi ndi ya ine ndi iwe," anatero. "Amako akafunsa, kapu yatha."

Kapu inkathadi, ndiye sindinkanama kwenikweni. Ndipo ndinkasangalala. Bambo sanali munthu wocheza kwambiri ndi ana, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndi iwo tikhale ndi chinsinsi chathuchathu. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo kuwalondera, iwo n'kuthira, tonse n'kumwetulirana. Tsabola uja anakondwa nazo zedi. Anabiriwira, anabereka, ndipo amayi ankamuonetsa kwa anansi monyadira, n'kumati ali ndi dzanja labwino pobzala. Bambo ankangoweramira pamakina kuti asaseke.

Nthawi yomweyo kunabwera ntchito imene bambo anali asanaionepo chitsekereni fakitale. Mayi wina wa ku Kabulonga, kumene kumakhala anthu a mipanda yaitali, anamva za luso lawo. Mwana wake ankakwatiwa, ndipo kunali kudzachitika phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, limene ku Lusaka timati kichini pate. Mayiyo anafuna madiresi a chitenje chofanana a mkwatibwi, iye mwini, ndi gulu la achibale. Anabweretsa nsalu zobiriwira za maluwa achikasu, zonunkhira usitolo, ndipo bambo anazisisita ngati akusisita mutu wa khanda. Anati akasoka bwino madiresi amenewa, amayi onse a kuphwandoko adzafunsa dzina la telala, ndipo adzasiyana nawo majekete a salaula. Phwando linali Loweruka lina lake, ndipo bambo anayamba kudzuka m'bandakucha. Msana unakula ukali, ndipo maulendo a kukantemba anachuluka.

Sabata ya phwandolo itayamba, ndinalowa m'chimbudzi ndi ndowa yanga bambo atangotulukamo. Fungo ndi limene linayamba kundiimitsa. Silinali fungo la masiku onse limene mphuno zanga zinazolowera. Linali lolemera, la chitsulo, longa la pabutchala dzuwa likatentha. Nditayang'ana ndinaona zakuda, zonyezimira, zomata, zokanirira m'mbali moti ndowa imodzi sinakwane. Zanga zija za makala zinali zakuda koma zouma, ndipo zinachoka ndi madzi ochepa. Izi zinali ngati phula la pamsewu. Ndinaima pamenepo ndowa ili m'manja, mawu a amayi akulira m'makutu mwanga, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kumene makala a bambo ankapita.

Wina angafunse kuti bwanji sindinathamange kukanena. Amene akufunsayo sanakulire m'nyumba ngati yathu. Kwathu bambo sankapita kuchimbudzi. Ankangokhala kuti "atuluka pang'ono". Mlendo akawafuna nthawi imeneyo tinkati akubwera, ndipo mwana wonena kumene ali ankapindidwa khutu. Mwana wamkazi kutchula zimene bambo ake asiya m'chimbudzi chinali chipongwe chosayerekezeka, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo wina atachita. Pamwamba pa izo panali chinsinsi chija. Kuti amayi andimvetse, ndinayenera kuulula za chitini, ndipo ndinkaopa kuti bambo sadzanditsinziniranso diso moyo wanga wonse.

Madzulo ake ndinayesa kuzungulira. Amayi akusenda anyezi, ndinawauza chapansipansi kuti m'chimbudzi mukumaoneka zakuda. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati ndi makala amene bambo akumwa, ndipo anandikumbutsa mmene ine ndinalirira. Kenako anandiyang'ana ndi diso lakuthwa n'kunena kuti mtsikana wamkulu ngati ine aziphunzira kuthira madzi maso ali kumbali. Ndinapita kukaima pakhonde pafupi ndi tsabola uja, ndipo ndinamuda ngati munthu.

Masiku otsatira zinapitirira. Ine ndekha m'nyumba monse ndinkadziwa zinthu ziwirizo pamodzi. Amayi ankadziwa tanthauzo la chimbudzi chakuda koma sankadziwa za chitini. Bambo ankadziwa za chitini, koma kaya ankadziwa tanthauzo la zimene ankaona, kaya ankangodzilimbitsa mtima kuti amalize madiresi, sindinawafunsepo mpaka lero. Ndinkawayang'ana akupalasa makina. Milomo yawo inatuwa, zikhatho zinayera, ndipo akakwera masitepe ankapumira pakati, chinthu chimene sankachita kale. Kusukulu aphunzitsi ankalankhula, ine ndikuona amalume amene sindinawadziwe atagona panjira. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo chakudya chinkandikanika.

Lachisanu linafika, tsiku loti mawa lake ndi phwando. Amayi sankapita kumsika Lachisanu m'mawa, ndipo ine ndinali wa sukulu ya masana, choncho tonse tinali pakhomo. Madiresi anali atapachikidwa pachingwe pakhonde, ambiri atatha, ena akudikira mipendero ndi mazipi. Mayi wa ku Kabulonga anafika ndi galimoto yake yoyera, n'kukwera masitepe ndi mkwatibwi kudzayesa komaliza.

"Shani, ba Saidi," anapereka moni. "Madilesi yathu yafika pati?"

Bambo anamwetulira n'kuimirira kuti atsitse diresi la mkwatibwi. Ankafuna amalize kuyesako msanga, asambe, apite kumzikiti. Atangotambasula dzanja, ndinaona maondo awo akupinda. Anagwira chitsulo cha khonde, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, thukuta lili mbwee pamphumi. Mkwatibwi anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Amayi anathamanga ndi madzi, n'kuwapepesa alendo. Bambo atatsegula maso anati si kanthu, ndi chizungulire cha njala ndi kutentha basi, ndipo anapempha kuti awapatse mpando apitirize. Amayi anati mimba ija ndi imene yawafooketsa. Anatembenukira kwa ine n'kundituma kuti ndikatenge khala pambaula ndi kamtondo, tiwonjezere mankhwala.

Sindinasunthe. Panali alendo, ndipo osati alendo wamba, koma a ku Kabulonga, onunkhira mafuta okwera mtengo. Amayi anabwereza kundituma, mawu atakwera. Ndinayang'ana bambo, iwo anandiyang'ana, ndipo ndikukhulupirira kuti anadziwa chimene chikubwera chifukwa anapukusa mutu pang'ono. Amayi sankalola kuti tizilankhula chinyanja cha m'misewu m'nyumba, koma tsiku limenelo ndi chimene chinatuluka.

"Amai, batata sibamwa malasha. Bamataya mu chitini cha tsabola, masiku yonse, nimabaona. Na mu toileti ni vakuda monga tala, vonunkha magazi. Si malasha, amai."

Ndinkayembekezera mbama, ndipo nkhope ya amayi inasonyeza kuti mbamayo inali panjira. Ndisanaganize, ndinagwira chitini chija n'kuchigubuduza. Dothi linakhuthukira pasimenti pamodzi ndi tsabola wawo wokondedwa, ndipo linali lakuda bii, makala atachita chigulumwa pamwamba pake, ena akadali onyowa a m'mawa womwewo.

Amayi anayang'ana dothilo nthawi yaitali. Kenako anagwada patsogolo pa bambo, anawakoka chikope cha m'munsi ndi chala, n'kuona kuti m'kati mwayera ngati pepala. Anawafunsa motsitsa mawu ngati mwanayu akunena zoona. Bambo anayang'ana kumbali. Anati apita kuchipatala Lolemba, ntchito ya anthu ikatha, poti munthu sasiya mkwatibwi wopanda chovala tsiku la phwando lake.

Amayi sanakangane nawo. Anaimirira, anapita pamakina, anavula lamba wachikopa amene amazunguza gudumu, anamukulunga, n'kumumangirira pamfundo ya chitenje chawo. Popanda lamba ameneyo makina ndi tebulo chabe.

"Ndinaika m'manda mlongo wanga chifukwa cha Lolemba," anatero. "Dzukani, bambo a Patuma."

Mayi wa ku Kabulonga, amene ndinkaganiza kuti athawa ndi manyazi athu, anali atatulutsa kale makiyi a galimoto.

"Awe, ba Saidi, kwelani mu motoka manje manje," anatero. "Dilesi siyifa. Ndimwe muzafa."

Tinawatsitsa masitepe, amayi mbali iyi, mkwatibwi mbali inayo, ine ndikutsogola ndi nsapato zawo m'manja. Yusufu tinamusiya kwa anansi. Inali nthawi yanga yoyamba kukwera galimoto yaing'ono, koma sindikukumbukira chilichonse cha m'njira kupatula dzanja la bambo lozizira limene linali pabondo langa.

Kuchipatala chachikulu kunali mzere wautali. Nesi wina ankadutsa akuyang'ana odwala, ndipo atafika pa bambo anawagwira pamkono, anawayang'ana m'maso, n'kuitanitsa kabedi ka matayala nthawi yomweyo. Anatilowetsa kwa dokotala, mzibambo wachikulire wa magalasi, amene anayamba kufunsa mosazungulira. Anafuna kudziwa mtundu wa chimbudzi, kuti chinayamba liti kusintha, ngati asanzapo magazi, ndiponso mankhwala amene akumwa. Bambo, munthu amene ankatha kukambirana ndi kasitomala ola lathunthu za kolala ya shati, anangoti kakasi. Manyazi anawatseka pakamwa. Dokotala anafunsanso, ndipo amayi sakanatha kuyankha poti sanaone kanthu. Ine ndinali nditaima pakhomo, nesi akufuna kunditulutsa.

Pamenepo bambo anadzutsa dzanja n'kundiloza.

"Funsani mwanayu, adokotala. Iyeyu ndiye ali ndi maso m'nyumba mwanga."

Ndinalowa, ndipo ndinanena zonse. Ndinanena za mtundu, za kumata, za fungo, za tsiku limene zinayamba, za makala a m'chitini. Ndinanenanso za mapiritsi a m'kachidutswa ka nyuzipepala amene ankamezedwa m'mimba muli mbee, ndipo dokotala atamva zimenezo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna. Anatifotokozera kuti mapiritsi ena opha ululu amakanda khoma la m'mimba, makamaka munthu akamamwa ambiri asanadye, mpaka kuchita zilonda. Chilonda cha bambo chinali chikutuluka magazi, ndipo magazi akayenda m'matumbo amatuluka akuda. Anati akanadikira Lolemba lija, mwina nkhani ikanakhala ina. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndachita bwino. Palibe mphoto ya kusukulu imene inandikomapo ngati mawu amenewo.

Anawaika diripi, n'kunena kuti afunika kuwonjezeredwa magazi. Uthenga unafika kumzikiti mapemphero asanathe, ndipo masana omwewo amuna a zisoti zoyera anadzaza pakhonde la chipatala, manja a mikanjo atapinda kale, aliyense akufuna kupereka. Mmodzi mwa iwo, a Juma, anali telala mnzawo wa kufakitale kuja. Atamva za madiresi anapempha lamba kwa amayi. Bambo, ali chigonere ndi singano pamkono, anawalongosolera mpendero uliwonse ndi zipi iliyonse, n'kuwachenjeza kuti asakoke nsalu pa diresi la mkwatibwi. A Juma anasoka pakhonde pathu, ine ndikuwapatsira ulusi, ndipo Loweruka m'mawa galimoto yoyera inanyamula madiresi onse atasitidwa.

Amayi nawo analandira gawo lawo. Dokotala anawafunsa zimene amachita ndi mimba za pakhomo, ndipo anawayamikira pa madzi a mchere ndi shuga, pa papaya ndi masamba, pa kuletsa anthu kugona atangokhuta. Koma makala anati awasiye pambaula. Anati makala a pamoto sachiza chilonda, ndipo choopsa chake n'chakuti amabisa chizindikiro chimene chikanapulumutsa munthu. Anawauza kuti mimba yovuta tsiku limodzi kapena awiri, munthu akudya ndi kumwa, ikhoza kusamalidwa kunyumba. Koma pakaoneka magazi, ofiira kapena akuda, m'chimbudzi kapena m'masanzi, palibe kudikira. Chimodzimodzinso ululu waukulu wosaleka, kusanza kosalola ngakhale madzi kukhala, mwana wofooka amene maso alowa, munthu amene akuonda osadziwa chifukwa, kapena chilungulira chimene chatha masabata osamva kanthu. Amayi anang'ung'udza njira yonse yobwerera kuti makala anawalera iwo ndi abale awo onse. Koma kamtondo kaja sikanasinjenso khala, ndipo pamasitepe paja anayamba kufunsa odwala awo za mtundu wa chimbudzi asanawauze chilichonse. Ena ankachita manyazi, amayi osawasiya mpaka atayankha.

Bambo anatuluka m'chipatala atawonda koma milomo itabwerera mtundu wake. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, anansi akuwalonjera pakhomo lililonse. Ine ndinabisala kukhitchini. Kuchipatala anandiloza ndi dzanja, inde, koma kumeneko anali wodwala. Tsopano anali bambo m'nyumba mwawo, ndipo ine ndinali mwana amene anatchula za chimbudzi chawo pamaso pa alendo, n'kuwaulula kwa akazi awo. Atapuma anandiitana pakhonde. Chitini chija chinali chikadali pakona, chopanda kanthu.

Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndinawachititsa manyazi. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndinaphwanya pangano. Ndinatinso inde, misozi ili m'maso. Kenako anandiuza kuti nditenge tepi yoyezera m'kabati ya makina ndipo ndiime mowongoka. Anandiyeza mapewa, chiuno, kutalika, akulemba ndi choko pathabwa la makina. Pansalu za ku Kabulonga panatsala zidutswa, ndipo mayi uja anati tisunge. Ntchito yoyamba imene bambo anasoka atachira inali diresi langa lobiriwira la maluwa achikasu, lolumikizalumikiza koma losaoneka msoko. Pondiveka ananditsinzinira diso limodzi. Ndinalivala mpaka linafika pamwamba pa maondo, ndipo ndinkayenda nalo m'Kabwata monse ngati mwini fulati.

Amayi a kuphwando kuja anafunsadi dzina la telala. Ntchito za zitenje zinayamba kubwera kuchokera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ndipo majekete a salaula anachepa pakhonde pathu. Msana anaupezera njira zina, kuimirira kawirikawiri ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo mwini kantemba anataya kasitomala wake wamkulu.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndimakhala ku Chelstone m'nyumba ya madzi osavuta. Ulemu umene ndinaleredwa nawo sindinautaye, ana anga amagwada popereka madzi kwa akulu. Koma ndinazindikira kuti tsiku lija ndikanasunga ulemu wotseka pakamwa, ndikanakhala mwana wamakhalidwe abwino pamaliro a bambo anga. N'chifukwa chake m'nyumba mwanga nkhani za mimba timazikamba poyera ngati nkhani za mvula. Zambiri zimathera pa madzi, phala ndi kupuma, ndipo sindithamangira kuchipatala ndi mpweya uliwonse. Koma ndimafunsa, ndipo ndimafuna yankho lenileni.

Bambo akadali moyo. Maso anafooka, makina anawasiyira Yusufu, ndipo amakhala nafe kuno. Anasoka diresi la ukwati wanga, anasokanso mayunifolomu oyamba a zidzukulu zawo. M'mawa uliwonse ndikawapititsira tiyi, sadikira kuti ndifunse. Amandiyang'ana ndi nkhope ya munthu wopereka lipoti kwa bwana, n'kunena mokweza kuti nyumba yonse imve, "Zonse zili bwino, a nesi a ndowa, mtundu wake ndi womwe uja." Zidzukulu zimagwa ndi phwete, ndipo ine ndimawapatsa tiyi wawo.